Mlandu wa Magazi Umveke kwa Anthu a ku Likangala

Mtsinje wa Likangala umayambira pa phiri la Zomba, nudutsa mumzinda, nutsikira kum'maŵa kukathira m'nyanja ya Chilwa. Kumunsi kwake, kumene madzi amapatutsidwira m'ngalande za sikimu ya mpunga, kuli anthu amene moyo wawo wonse wagona pa khasu, ukonde ndi bwato. Kumtunda kwake kuli Khoti Lalikulu, kuli ndende yaikulu ya Zomba, kulinso sukulu ya ukachenjede kumene maloya ambiri a dziko lino anasulidwira. Madzi ndi amodzi, ndipo mtunda wake njinga imautha dzuŵa lisanapendeke. Koma mlimi wa kumunsi akaitanidwa kumtunda kuti akamve mlandu wa mwana wake, amakhala ngati wafika m'dziko la eni. Nkhani yathu sabata ino ndi ya mpata umenewu, ndipo tikuilemba makamaka kwa inu atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera, ndi kwa inu ogwira ntchito m'boma, pakuti ndinu amene mumakonza ndondomeko ya chuma ndi kufotokozera anthu zimene boma likuchita.

Dzina la mtsinjewu linalembedwa kale m'mbiri ya milandu ya dziko lino. Pa 17 Meyi 1983, Nyumba ya Malamulo ikadali ku Zomba, apolisi anatchinga mseu pa mlatho wa Likangala nagwira akuluakulu anayi a chipani cholamula cha nthaŵi imeneyo: a Dick Matenje, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, a Aaron Gadama, nduna ya Chigawo cha Pakati, a Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, ndi a David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Usiku umenewo anawagoneka ku ndende ya Mikuyu, m'chigwa cha Chilwa momwemo. Tsiku lotsatira anatengeredwa ku Thambani m'boma la Mwanza, kumene anaphedwa, ndipo mtundu unauzidwa kuti afa pa ngozi ya galimoto. Palibe amene anawaŵerengera mlandu, palibe woweruza amene anawaona, palibe amene anawafunsa kuti ayankhepo.

Mwezi womwewo a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera Chirwa anagamulidwa kuti anyongedwe pa mlandu woukira boma. Iwo khoti analiona, koma linali khoti la mafumu la Chigawo cha Kummwera, kumene lamulo silinkalola loya kuimira munthu. A Orton Chirwa anali Mmalaŵi woyamba kuphunzira uloya ku London, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party mu 1959, ndiponso nduna ya zachilungamo pamene dziko linkalandira ufulu. Munthu ameneyu, pa tsiku limene anasoŵa womulankhulira, sanampeze. Chilango chinasinthidwa kukhala cha moyo wonse, ndipo anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992.

Tiyenera kukumbukira mmene dziko linafikira pamenepo, pakuti silinafikepo tsiku limodzi. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi m'madera ena a Blantyre, ndipo mantha ndi mphekesera zinadzaza tauni yonse. Mu 1969 jaji wa Khoti Lalikulu anamasula anthu oganiziridwa pa kuphako chifukwa umboni unali woperewera. Boma linapsa mtima. Chaka chomwecho lamulo linasinthidwa, ndipo milandu ya kupha, kenaka ndi ya kuukira boma, inaperekedwa ku makhoti a mafumu a m'zigawo, okhala ndi khoti lawolawo la apilo. Majaji Achingerezi a Khoti Lalikulu anatula pansi maudindo awo. Pambuyo pake munthu wina, wosakhala m'gulu la omasulidwa aja, ndiye anapezeka wolakwa pa milandu ya ku Chilobwe.

Kunena zoona, dandaulo la 1969 silinali lopanda mutu. Makhoti amene atsamunda anatisiyira ankalankhula Chingerezi chokhachokha. Akuluakulu a m'deralo ankakhala pambali pa jaji monga alangizi chabe, ndipo jaji akafuna ankataya uphungu wawo. Munthu wamba ankaona mikanjo ndi mabuku, osamva kanthu, ndipo pomaliza ankangoona wina akutuluka, wina akupita ku chingwe. Makhoti a mafumu ankalankhula chilankhulo cha anthu, ndipo pa chimenecho anali pafupi ndi mudzi. Koma mankhwala anaposa nthenda. Tinauzidwa kuti kuchotsa loya ndiko kubwerera ku mwambo wa makolo. Mwambo wake uti? Pitani pa bwalo lililonse kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanje: munthu saima yekha pa mlandu. Amalume ake amakhala pomwepo, ankhoswe amayankha, mwini mbumba amapempha kuti mboni ibwereze mau ake. Makolo athu ankadziŵa kuti wogwidwa ndi mantha lilime limamuuma, nchifukwa chake ankamupatsa pakamwa pena. Chimene chinachotsedwa mu 1969 sichinali chachilendo. Chinali chathu chomwe, chitangovala mkanjo. Ndipo khoti lopanda wofunsa mafunso limameza chilichonse: pa mlandu wa a Albert Muwalo mu 1977, makalata opanda dzina la wolemba analandiridwa monga umboni pa mfundo yakuti pamene pafuka utsi pali moto, ndipo munthu ananyongedwa.

Makhoti ameneŵa analeka kugwira ntchito mu 1993, chaka cha riferendamu, ndipo Malamulo Aakulu a dziko a 1994 anabweza milandu ya magazi ku Khoti Lalikulu. Ndime 42 ya malamulowo ikunena momveka kuti wozengedwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira umboni utamgwira. Kuti akhale ndi loya wodzisankhira yekha, kapena wolipiridwa ndi boma pamene chilungamo chikufuna tero. Ndi kuti mlandu uzengedwe m'chilankhulo chimene iye akumva, kapena umasuliridwe. Pamodzi ndi zimenezi panadza chinthu chimene ambiri a ife tinali tisanachione: gulu la anthu wamba lotchedwa jury, alimi, aphunzitsi, amalonda, oitanidwa kuti akhale m'khoti, amve umboni wonse, ndipo pomaliza anene okha ngati munthuyo walakwa kapena iyayi. Jaji amasunga lamulo ndi kupereka chilango. Koma funso lakuti kodi zinachitikadi monga boma likunenera limayankhidwa ndi anthu wambawo. Pa milandu ya kupha ankakhala anthu 12 ochokera m'boma la kwawo kwa wozengedwayo.

Tsono taonani mmene mbiri imazungulirira. Mlandu umene mtundu wonse unautchera khutu pamaso pa jury unali wa amuna anayi aja a pa mlatho wa Likangala. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Mtegha litapereka lipoti lake mu Januwale 1995, Dr. Kamuzu Banda, a John Tembo ndi akuluakulu ena a polisi anaimbidwa mlandu wopangana kupha. Mlandu unazengedwa ku Blantyre pamaso pa Jaji Mackson Mkandawire. Boma linaimiridwa ndi a Kamudoni Nyasulu, mkulu wozenga milandu ya boma, ndipo pakati pa oteteza panali loya wa ku Britain, Clive Stanbrook. Mbali ya boma inali ndi nkhani yoŵaŵa imene anthu ambiri anali ataikhulupirira kale, ndipo apolisi ena anaima m'khoti nafotokoza okha mmene anayiwo anaphedwera. Oteteza sanataye nthaŵi kutsutsa zakuti anthu anafa. Anasonkhanitsa mlandu wonse pa funso limodzi, nalibweretsa kaŵirikaŵiri m'makutu mwa jury: kodi lamulo lakupha linachokera pakamwa pa yani? Amuna aŵiri amene akadayankha funsolo, a Mac Kamwana, mkulu wa apolisi mu 1983, ndi a John Ngwiri, mlembi wamkulu wa boma, onse anali atamwalira. Pa 23 Disembala 1995 jury inati ozengedwawo sanapezeke olakwa, ndipo mu 1997 Khoti la Apilo linakana dandaulo la boma.

Ambiri anakwiya, ndipo mkwiyo wawo ukumveka, pakuti palibe khoti limene linatchula amene analamula kuti anayiwo afe. Ife sitikuzenganso mlanduwo pano. Koma pali zinthu ziŵiri zimene aliyense wa pa udindo ayenera kuzisunga. Choyamba nchakuti chimene msika wonse ukukhulupirira sichikhala umboni kufikira mboni itachinena ndi kupirira mafunso. Chachiŵiri nchakuti boma limene linabweretsa mlanduwo linagonja pamaso pa anthu wamba, linachita apilo monga lamulo lilolera, ndipo litagonjanso linaleka. Mtsogoleri amene m'nthaŵi yake chitseko cha loya chinatsekedwa anatulukira pa chitseko chomwecho. Udindo ndi wobwereka. Amene lero akhala pa mpando wa nduna sadziŵa benchi limene adzakhalapo maŵa.

Koma milandu yambiri ya magazi si ya nduna, ndipo luso lenileni la loya limaoneka pa mlandu wa munthu wosatchuka. Tiyerekeze nkhani imene aliyense wa ku Likangala angaizindikire. Madzi achepa m'ngalande. Alimi aŵiri oyandikana minda akumana usiku, nakangana za amene watsekulira madzi kumunda kwake nthaŵi yake isanakwane. Wina wakantha mnzake ndi mpini wa khasu, ndipo kutacha munthu wafa. Lamulo la zilango limasiyanitsa kupha mwadala, kumene kuli pa ndime 209, ndi kupha kosakonzekera, kumene kuli pa ndime 208, ndipo pakati pa ziŵirizi pali zaka zambiri za moyo wa munthu. Woimira boma adzati: taonani, munthu uyu anachoka kunyumba pakati pa usiku atanyamula chida. Kwa wokulira m'tauni mau ameneŵa ndi olemera. Koma mlimi aliyense wa mpunga akudziŵa kuti wopita kukatsekula madzi sapita chimanjamanja. Khasu ndilo kiyi wa ngalande. Anthu 12 a m'boma la Zomba safuna katswiri woti awauze zimenezi. Chimene akufuna ndi loya wodziŵa kuti mfundoyo ilipo, ndi kuikumbutsa pa nthaŵi yake.

Ndiye kuti ntchito ya loya siyambira m'khoti. Imayambira pa mseu wa fumbi wopita ku Kachulu. Loya amene sanaponde pamalo pamene munthu anagwera sangadziŵe ngati mboni, itaima pamene ikunena, ikadatha kuona kupyola mabango. Sangadziŵe ngati usikuwo kunali mwezi. Sangadziŵe kuti mboni yaikulu ya boma ndi mlamu wa malemuyo, kapena kuti mabanja aŵiriwo akhala akulimbirana malire kuyambira kale. Zimenezi sizilembedwa m'fayilo ya apolisi. Zimapezeka pa khonde la nyakwaŵa, kwa amayi otunga madzi, kwa asodzi amene anali kukoka makoka usikuwo. Anthu a jury amazindikira msanga loya amene wayendako ndi amene wangoŵerenga, monga mmene msodzi amazindikirira mlendo pa kagwiridwe ka nkhafi.

Akaima kuti alankhule, loya wabwino amaiŵala anzake a kusukulu ndi kukumbukira amene ali patsogolo pake. Safunika kuonetsa kuti anaphunzira. Mkanjo wanena kale zimenezo. Amafotokoza nkhani monga imafotokozedwera pa bwalo, kuyambira pamene inayambira, munthu ndi munthu, malo ndi malo, ndipo amasankha mfundo imodzi yoti anthu akaigwire polowa m'chipinda chokambirana, monga anachitira oteteza pa mlandu wa ku Mwanza. Lamulo limati boma litsimikize mlandu mosasiya chikaiko chomveka. Mau ameneŵa akanenedwa m'Chingerezi amadutsa pamwamba pa mitu ngati mbalame. Koma uzani anthu a kunyanja kuti chikaiko chomveka ndi chija chimene chimamletsa bambo wanzeru kukweza ana ake m'bwato limene waliona mng'alu, ngakhale mwini bwato alumbire kuti silimira, ndipo onse adzagwedeza mutu. Kumeneku sikunyenga anthu. Ndiko kubweza lamulo kwa eni ake.

Pofunsa mboni za mbali inayo ndi pamene maloya achinyamata ambiri amapunthwa. Anaona m'mafilimu a ku America loya akukalipira mboni mpaka kuiliza, ndipo amayesa kuti ndiyo ntchito. Kuno kwathu, wonyoza gogo pamaso pa anthu wataya mlandu ngakhale gogoyo akunama, pakuti onse okhala pa jury aona amayi awo mwa iye. Funso lofatsa, lalifupi, lokhala ndi mfundo imodzi, lofunsidwa mwaulemu ndi kubwerezedwa modekha, limafukula bodza msanga kuposa phokoso. Loya ayeneranso kudziŵa makhalidwe a anthu ake. Mnyamata woyang'ana pansi poyankha wamkulu sakubisa kanthu. Akuchita ulemu umene anaphunzitsidwa. Mkamwini sapenya apongozi ake m'maso ngakhale m'khoti. Mayi woyankha kuti "inde" nthaŵi zina akungotanthauza kuti wamva funso, osati kuti wavomera. Mboni yonena kuti zinachitika atambala oyamba atalira ikunena zoona zake, ndipo woikakamiza kuti itchule ola la pa wotchi ndiye akuipangitsa kunama.

Pali munthu wina m'khoti amene sitimutchula kaŵirikaŵiri, koma mlandu wonse umadutsa pakamwa pake: womasulira. M'mbali mwa nyanja ya Chilwa mumalankhulidwa Chicheŵa, Chiyao ndi Chilomwe, pamene zolemba za khoti zili m'Chingerezi. Kukankha, kugunda, kumenya, kukantha ndi kutema ndi zinthu zisanu zosiyana, ndipo womasulira wotopa akhoza kuzisandutsa chinthu chimodzi. Munthu wosweka mtima akati "ndapha mbale wanga" mwina akudziimba mlandu chifukwa sanamleretse, koma pa pepala la apolisi, lolembedwa m'Chingerezi ndi kudindidwa chala, mauwo amaoneka ngati kuvomera. Loya wosamva chilankhulo cha mboni, kapena wochita manyazi kuchigwiritsa ntchito, sangaimirire ndi kunena kuti mbuyanga, mboni sinatero. Wolemba uno anakhalapo tsiku lina m'khoti lina, kumbuyo kwa mayi wachikulire amene anayenda kuchokera kunyanja. Jaji anaŵerenga chigamulo nthaŵi yaitali, maloya anaŵerama, apolisi anatulutsa mnyamata. Mayiyo anatembenuka nandifunsa motsitsa mau kuti: "Bambo, kodi akuti mwana wanga watani?" Chigamulocho mwina chinali cholungama m'mbali zonse. Koma kumudzi kunabwerera munthu wosadziŵa chimene chaweruzidwa, ndipo zimene anakafotokoza kumeneko ndizo zimene mudziwo ukudziŵa za makhoti a boma.

Zonsezi zikukhudzanso woimira boma. Iye sanatumidwe kukapambana monga pa mpira. Anatumidwa kukayala umboni wonse, wokomera ndi wosakomera, kuti banja la malemu limve kuti magazi a mbale wawo sanatayike chabe, ndiponso kuti wosalakwa asalipire mlandu wa wina. Ndipo mbali zonse ziŵiri zili ndi malire. Loya wokopa jury ndi mtundu, chipembedzo kapena chipani cha wozengedwa, kapena wofinya misozi pamene umboni wamthera, sakulankhula ndi anthu koma akuwaledzeretsa. Apo ndi pamene jaji ayenera kuimika dzanja, ndipo poomba mkota ayenera kubweza anthu ku zimene mboni zinanenadi.

Tsono alipo otsutsa, ndipo mau awo si opepuka. Iwo amati anthu wamba amatengeka ndi mphekesera. Amakumbutsa za 2017, pamene mbiri ya anamapopa inayaka ku Mulanje ndi ku Phalombe, kufupi ndi nyanja yomweyi, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu okwiya. Amafunsa kuti kodi anthu okhulupirira zotere ndi amene tiwapatse moyo wa munthu m'manja? Amakumbutsanso kuti m'zaka zimene jury inkagwira ntchito, anthu ambiri anagamulidwa kuti anyongedwe pa milandu yozengedwa mothamanga. Zimenezi nzoona. Koma tifunse chimene chinkachitika m'milandu imeneyo. Maloya a boma othandiza osauka anali oŵerengeka, milandu inali mulu, ndipo ozengedwa ambiri ankaonana ndi loya wawo tsiku la mlandu lomwelo. Jury imene yamva mbali imodzi yokha siingaweruze bwino, monganso jaji wophunzira sangatero. Cholakwa sichinali kukhalapo kwa anthu wamba. Chinali kusoŵa kwa loya wokonzeka. Ndipo za magulu okwiya, ife tikuona mwina: anthu amathamangira miyala ndi moto kumene amakhulupirira kuti khoti ndi nyumba ya eni, yolankhula zosamveka, kumene wakuba amaloŵa pa khomo ili natulukira pa linalo. Munthu amene wakhalapo masiku atatu pa jury, namva mmene mboni yolumbira imasinthira mau ikafunsidwa bwino, amabwerera kumudzi ali mphunzitsi wa lamulo woposa msonkhano uliwonse umene ife tingachititse.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 boma linaimitsa jury pa milandu ya kupha, chifukwa cha kuchepa kwa ndalama ndi kuchuluka kwa anthu odikira milandu m'ndende, ndipo milandu yotere inayamba kuweruzidwa ndi jaji yekha. Chifukwacho nchomveka: anthu 12 amafuna zoyendera, chakudya ndi pogona, ndipo munthu wokhala zaka pa rimandi sasamala za amene adzamuweruze, angofuna tsiku lake lifike. Maiko enanso anasiya njirayi, aliyense pa zifukwa zake. South Africa inathetsa jury mu 1969, ndipo kumeneko okhala pa jury anali Azungu okhaokha. Koma ena akupita kwina. Japan, dziko losasoŵa majaji ophunzira, linayamba mu 2009 kukhazika anthu wamba 6 pamodzi ndi majaji 3 pa milandu ikuluikulu. Ku England mphamvu ya jury inakhazikika mu 1670, pamene anthu amene anakana kupeza William Penn wolakwa anatsekeredwa ndi kulipitsidwa, kufikira khoti lapamwamba litagamula kuti munthu wa pa jury sangalangidwe chifukwa cha chigamulo chake. Iwo anaiteteza potsekeredwa. Ife tinaiimitsa poŵerengera ndalama za basi.

Umboni wakuti mau a mudzi amathandiza khoti tili nawo ku Zomba komwe kuno. Mu 2007, pa mlandu wa a Francis Kafantayeni ndi anzawo, Khoti Lalikulu linagamula kuti lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha likutsutsana ndi Malamulo Aakulu. Kuyambira 2015 akaidi oposa 150 amene anali atagamulidwa kale anabwezedwa ku khoti kuti chilango chawo chionedwenso. Nthaŵi imeneyi maloya ndi othandizira awo anachita chimene sichinachitike pa kuzenga koyamba: anapita kumidzi, anakhala pansi ndi abale, aneba ndi mafumu, nafunsa za ubwana wa munthuyo, za matenda a maganizo, za chimene chinautsa mkangano, ndi ngati mudzi ungamlandirenso. Majaji atamva zimenezi, ambiri mwa akaidiwo anamasulidwa. Anthu ndi omwewo, milandu ndi yomweyo. Chinasintha nchakuti wina anakwera njinga kukafunsa.

Pempho lathu kwa akuluakulu a Unduna wa Zachilungamo ndi a makhoti ndi lakuti jury iyesedwenso, ngakhale pa milandu yoŵerengeka, kuyambira ku Khoti Lalikulu la Zomba, koma pokhapokha wozengedwa aliyense ataonana ndi loya wake masabata angapo mlandu usanayambe. Jury yopanda chimenechi tisaibwezeretse konse. Sukulu ya zamalamulo ili pafupi ndi mtsinje womwewu. Wophunzira asalandire digiri asanaimepo pamaso pa anthu a ku Likangala ndi kufotokoza mlandu wathunthu m'Chicheŵa kapena m'Chiyao, iwo namuuza ngati amva. Omasulira a m'makhoti aphunzitsidwe ndi kulipidwa monga anthu onyamula moyo wa ena pa lilime.

Kwa inu a chipani, ntchito yanu pa nkhaniyi ndi yovuta chifukwa ndi ya kudziletsa. Wapampando wa nthambi sapita kwa mboni usiku, satumiza mau kwa wapolisi wofufuza, ndipo jury ikadzabwerera, sadzafunsa wokhalapo kuti zikuyenda bwanji. Pa misonkhano uzani anthu kuti loya woimira woganiziridwa si mdani wa boma, ndi kuti womasulidwa ndi khoti abwerere kumunda kwake osaopa kuotcheredwa nyumba. Akuluakulu anayi amene anaimitsidwa pa mlatho wa Likangala anali ndi makhadi a chipani m'matumba, ena a iwo ndi mbendera pa galimoto, ndipo zonsezo sizinawagulire ngakhale ola limodzi pamaso pa woweruza.

Kwa inu a ku Capital Hill amene mumalemba ziŵerengero: Legal Aid Bureau, bungwe lothandiza osauka pa milandu limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, silingatume loya ku Kachulu kapena ku chilumba cha Chisi ndi mau okoma. Pafunika mafuta a njinga yamoto, ndalama ya bwato, ndi tsiku lathunthu limene loyayo sali m'khoti lina. Zimenezi zilembedwe m'ndondomeko ya chuma pa mzere wakewake, kuti ndalama zikachepa pakati pa chaka, zisayambe ndizo kudulidwa.